Mafuwa, diramu ndi giza: mbiri ya madzi osamba ku Chama

Aliyense amene akumanga nyumba ku Chama masiku ano, kaya ndi mphunzitsi amene watenga ngongole, kaya ndi mnyamata wa ku Lusaka amene amatumiza ndalama za simenti kumudzi mwezi ndi mwezi, amafika pa tsiku loti asankhe. Thanki ikhale ya malita angati? Paipi ikhale yaikulu bwanji? Giza tiike kapena tisaike? Ambiri a ife timayankha poyang'ana nyumba ya aneba. Iwo anakweza thanki ya malita 5,000 ndi kupachika giza ya malita 150, ndiye nafenso tichita zomwezo kuti tisaoneke otsalira. Manambala amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo sanabadwire m'chigwa cha Luangwa. Anawerengedwa ndi anthu ena, a nyengo ina, amene anali ndi wowatungira madzi ndi wowakonzera pompi ikayamba kudontha.

Agogo athu a m'maiko a mafumu Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda ankadziwa muyezo wa madzi bwino kuposa ife, chifukwa ankawasenza pamutu. Mitsinje yambiri yothira mu Luangwa imaphwa m'chilimwe, ndipo amayi ankakumba mumchenga mpaka madzi atayamba kutsika pang'onopang'ono m'dzenje. Ankatunga ndi chikho, kudzaza mtsuko, kuika nkhata pamutu ndi kubwerera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 chimene timachidziwa lero ndi makilogalamu 20 pakhosi pa munthu. Amene wayenda nawo mtunda katundu wotere sataya ngakhale kapu. Madzi osamba ankatenthetsa mumphika umodzi pa mafuwa, n'kuwasakaniza ndi ozizira mpaka afunde bwino, n'kukaika kubafa ya udzu kuseri kwa nyumba. Mphika umodzi wowira unkakwanira munthu wamkulu.

Za kufunditsa nyumba sizinali nkhani yaikulu. Kuno kumadziwika ndi kutentha, ndipo mu October dzuwa la kuchigwa limafika pafupi ndi madigiri 40. Chisanu chenicheni ndi cha June ndi July, makamaka usiku ndi mbandakucha. Nyumba ya dothi yofolera ndi udzu inkathana nazo zonse ziwiri. Khoma la dothi limatenga kutentha masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku, ndipo udzu wochindikala sulola dzuwa kulowa kapena kufunda kuthawa msanga. Chikuni cha mupani chinkanyeka pakati pa nyumba usiku wonse, utsi n'kumatuluka m'mipata ya udzu. Mipata imeneyi muikumbukire, tidzaifunanso kutsogoloku.

Mapaipi anabwera ndi atsamunda. Kampani ya British South Africa Company italanda dera lino, likulu la North-Eastern Rhodesia linakhala Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndipo mu 1911 dzikoli linaphatikizidwa ndi la kumadzulo kukhala Northern Rhodesia. Chama inkalamulidwa kuchokera pa Boma la Lundazi, kumene bwanamkubwa Errol Button anamanga nyumba yonga ya mafumu a ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ija imene timaitchula kuti Castle. Azungu a m'maboma, a kumamishoni ndi a m'mafamu a fodya a ku Fort Jameson ankafuna kusamba monga kwawo, m'bafa yaikulu yogonamo, yodzaza ndi madzi otentha. Magetsi kunalibe. Chimene anapanga ndicho chimatchedwa Rhodesian boiler, ena amati donkey.

Chinali chosavuta. Ankatenga diramu la petulo kapena la mafuta a galimoto, kuligoneka pa ng'anjo ya njerwa kunja kwa nyumba kuseri kwa bafa, ndi kusonkha moto pansi pake. Paipi yochokera ku thanki yapamwamba inkalowetsa madzi ozizira chakunsi kwa diramu. Madzi akatentha amapepuka n'kukwera, choncho paipi yopita kubafa inkachokera chakumwamba. Diramu lotere ndi la magaloni 44, amene ndi malita 200. Palibe injiniya amene anakhala pansi n'kuwerenga kuti banja limafuna malita 200 a madzi otentha. Muyezowo unachokera kwa ogulitsa mafuta, chifukwa ndiwo madiramu amene ankapezeka opanda kanthu pa boma lililonse. Ndipo bwana sankamva kulemera kwake. Panali wantchito wotola nkhuni, wina wodzaza thanki, wina wodzuka usiku kukakoleza moto kuti dona asambe m'mawa. Norman Carr atayambitsa zoonetsa alendo nyama m'dziko la mfumu Nsefu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, misasa ya alendo ya m'chigwa inatengera njira yomweyi, ndipo kufikira lero m'makampu ena a mu Luangwa mumapeza diramu lakuda ndi mwaye kuseri kwa shawa.

Boila imeneyi inali ndi chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa. Pamwamba pa diramu pankaima paipi yaitali yosatseka kukamwa, yokwera kupitirira msinkhu wa madzi a mu thanki. Moto ukachuluka, madzi n'kuwira, nthunzi inkatulukira mmenemo, ndipo anthu ankamva ikulavula madzi padenga. Madzi akasanduka nthunzi amafuna malo oposa kuchulukitsa ka 1,600 malo amene anali nawo poyamba. Diramu lotsekedwa paliponse lili pamoto ndi bomba. Amisiri akale ankadziwa kuti paipi imeneyi saikapo pompi, saipinda, ndipo ngati mavu amangamo chisa, amachotsa tsiku lomwelo.

Dzina loti giza linachokera kutali kwambiri. Mu 1868 munthu wina wa ku London, Benjamin Waddy Maughan, anapanga chotenthetsera madzi cha gasi n'kuchitcha dzina la kasupe wotentha wa ku Iceland wotchedwa Geysir, amene amaponya madzi m'mwamba. Dzinalo linayenda ndi Angelezi mpaka ku South Africa ndi ku Rhodesia, n'kukakamira pa thanki yamagetsi imene timaidziwa ife. Giza yamagetsi inafala m'matauni a m'mbali mwa njanji pamene magetsi anachuluka. Damu la Kariba linatha mu 1959, ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo Kafue Gorge inayamba kupanga magetsi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Magetsi anali otchipa, ndiye palibe amene ankadandaula kuti giza ikuyaka usana ndi usiku.

Abambo ambiri a kuno anapita ku migodi ya ku Copperbelt, ku Lusaka ndi ku Southern Rhodesia, poyamba pofuna ndalama za msonkho wa nyumba, kenako pofuna moyo wa m'tauni. Kumeneko anaona kuti tauni inagawidwa ndi mapaipi. Kumayadi kunali pompi m'khitchini, chimbudzi chogejemula ndi giza m'silingi. Kukomboni kunali pompi imodzi ya mabanja ambiri ndi mabafa a onse. Ngakhale boma la UNIP litayamba kukonza makomboni a Lusaka monga George ndi Chawama mu 1974 mothandizidwa ndi World Bank, chimene anthu analandira chinali pompi yapanja yogawana. N'chifukwa chake giza inakhala chizindikiro cha munthu amene wafika, ndipo maganizo amenewa anabwerera kumudzi m'masutikesi pamodzi ndi wailesi ndi njinga. Pamene ku Kitwe giza inkayaka tsiku lonse, Boma la Chama linakhala zaka zambiri likudalira injini za dizilo za ZESCO, ndipo m'midzi munalibe ngakhale waya.

Pali chinanso chimene timaiwala tikamasirira nyumba za nthawi imeneyo. Amene ankakhalamo sanali eni ake. Nyumba inali ya boma, ya khonsolo kapena ya mgodi. Pompi ikadontha m'nyumba ya boma, munthu ankakanena ku PWD, dipatimenti yoona za zomangamanga, ndipo pulambala ankabwera ndi sipanala yake. Wokhalamo sankadziwa kumene paipi inadutsa, kukula kwake kapena mtengo wake. Ambiri sankaona ngakhale bilu ya madzi.

Zonsezi zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Boma la MMD linalowa mu 1991, chilala choopsa cha 1992 chinatsatira, ndipo mu 1994 panatuluka ndondomeko yatsopano ya madzi ya dziko lonse. Mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, ndipo nyumba za boma ndi za migodi zinatsatira. Anthu zikwizikwi anadzuka ali eni nyumba. Anagula makoma ndi denga, komanso anagula mapaipi achitsulo amene anali atadya dzimbiri kwa zaka makumi atatu, ndipo PWD sinabwerenso. Lamulo la Water Supply and Sanitation Act la 1997 linatsegula njira yoti madzi a m'matauni achoke m'manja mwa makhonsolo n'kupita ku makampani, ndipo bungwe la NWASCO loyang'anira makampaniwo linayamba ntchito mu 2000. Kuyambira pamenepo malire ndi mita. Paipi yochokera mumsewu kufika pa mita ndi ya kampani. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, dontho lililonse ndi lathu, ndipo limalembedwa pa bilu.

Kumidzi nako udindo unasamukira kwa anthu. Mijigo ya India Mark II, imene inapangidwa ku India m'zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi UNICEF, inadzaza dziko lino. Ndi mjigo wolimba, koma ukawonongeka pansi pamafunika gulu la amuna ndi zida zolemera kuti azule mapaipi onse achitsulo. Mjigo wa Afridev, umene unakonzedwa ku Malawi ndi ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, unapangidwa dala kuti anthu awiri kapena atatu a m'mudzi athe kusolola ndodo zake ndi kusintha labala popanda kudikira galimoto ya boma. Makomiti a WASHE, amene boma linawavomereza dziko lonse m'zaka za m'ma 1990, anapatsidwa ntchito yosonkhetsa ndalama zogulira zida. Kwa ife a ku Chama phunziro la Afridev ndi lalikulu, chifukwa Chipata ili pa mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo amene anayendapo pa msewu wa Lundazi m'dzinja akudziwa tanthauzo lake. Mu 2011 anatisamutsira ku chigawo cha Muchinga, mu 2021 anatibwezera ku Eastern, koma shopu ya zida sinasunthe ngakhale phazi limodzi. Chida chabwino kuno ndi chimene kachidutswa kake kangapezeke pamsika wa pa Boma.

Ndiye lero tili ndi nyumba zathuzathu, tilibe PWD, tilibe wantchito wosonkha moto, ndipo magetsi si aja a 1975. Load shedding ya 2015 ndi ya 2019 inatichenjeza. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 February, chinatsitsa madzi a Kariba mpaka malo ambiri ankaona malaiti maola ochepa chabe patsiku. Masamu amene kale ankachitidwa ndi ena, kapena sankachitidwa n'komwe, tsopano ndi athu. Mwamwayi si ovuta.

Tiyambe ndi madzi otentha. Kuti lita imodzi ikwere digiri imodzi pamafunika mphamvu yokwana pafupifupi 1.16 Wh, ndipo yuniti imodzi ya ZESCO ndi 1,000 Wh. Giza ya malita 150 ikamatenthetsa madzi kuchokera pa madigiri 20 kufika pa 60, timachulukitsa 150 ndi 40 ndi 1.16, ndipo tipeza mayunitsi pafupifupi 7. Elementi ya 3 kW imatenga maola awiri ndi mphindi 20 kuti imalize. Mukatero tsiku lililonse, pamwezi mwatha mayunitsi oposa 200 musanayatse babu kapena firiji, osawerengera kufunda kumene giza imataya ikangokhala. Baketi ya malita 20 yofunda madigiri 40, imene ndi yokwanira kusamba bwinobwino, imadya theka la yuniti kapena kucheperapo. Anthu asanu ndi mmodzi osamba m'baketi sakwanitsa mayunitsi atatu. Agogo ndi mphika wawo umodzi anali atawerenga bwino. Malita 150 ndi muyezo wa nyumba imene anthu amadzaza bafa yogonamo chaka chonse, pomwe kuno kuyambira September mpaka April ambiri a ife timafunafuna madzi ozizira, ndipo a mu thanki yakuda masana amachita kuwotcha. Banja laling'ono losamba pa shawa lingakhale bwino ndi giza ya malita 50 kapena 100, yoyatsidwa miyezi iwiri kapena itatu pachaka. Amene waika giza asatsitse kutentha kwake pansi pa madigiri 60 pofuna kusunga mayunitsi, chifukwa madzi ofunda pang'ono osungidwa nthawi yaitali amaswetsa tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo. Asatsekenso valuvu yake yotulutsira mphamvu chifukwa choti ikudontha. Valuvu imeneyo ndi mdzukulu wa paipi yaitali ija ya pa diramu.

Thanki nayo ili ndi masamu ake. Bungwe la WHO limaika malita 20 patsiku ngati mlingo wochepetsetsa wa munthu mmodzi, ndi malita 50 ngati mlingo wapakati wa amene ali ndi pompi pabwalo. Banja la anthu asanu ndi mmodzi pa malita 50 limatha malita 300 patsiku. Ngati madzi amatha kusowa masiku atatu, thanki ya malita 1,000 yakwana. Mukaika chimbudzi chogejemula, onjezerani, chifukwa zakale zija zimataya malita 9 nthawi iliyonse mukakoka. Amene ali ndi dimba kapena alendi angafune yaikulu, palibe chotsutsa. Koma malita 5,000 ndi matani asanu, kulemera kwa njovu yamphongo yaikulu, ndipo timaikweza pa zitsulo zowotcherera pamsika, pa dothi lakuda la kuchigwa limene limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja. Pansi pake ndi pomwe ana amasewera chifukwa pali mthunzi. Ndalama imene yapita pa thanki yopitirira muyezo ikanalowa m'maziko a konkire.

Anthu ambiri amagula thanki yaikulu poganiza kuti shawa idzathamanga. Kukula kwa thanki sikubweretsa mphamvu. Mphamvu imachokera ku msinkhu, ndipo mamita 10 ndi amene amapereka bar imodzi. Thanki imene pansi pake pali pa mamita 4, pomwe mutu wa shawa uli pa mamita 2, imapereka pafupifupi 0.2 kapena 0.3 bar basi. Zida zambiri za m'mashopu, monga mavaluvu a giza olembedwa 400 kPa ndi mashawa osakaniza madzi, zinapangidwira mizinda ya ku South Africa kumene madzi amabwera ndi mphamvu yofanana ndi thanki ya pa mamita 40. Mukazilumikiza ku thanki ya kuseri kwa nyumba, madzi amatuluka ngati misozi. Chothandiza ndi kufunsa zida za mphamvu yochepa, kutuluka pa thanki ndi paipi ya 25 mm kapena 32 mm, kuchepetsa kufika pa theka la inchi pafupi ndi pompi pokha, ndi kupewa makona ambiri, chifukwa kona iliyonse imadyako mphamvu. Mapaipi apulasitiki anatipulumutsa ku dzimbiri ndi ku ntchito yodula mazinga pa chitsulo, koma PVC wamba sapirira madzi otentha ndipo amauma n'kusweka akakhala padzuwa. Wa madzi otentha ndi PPR kapena kopa, ndipo wakunja akwiriridwe.

Amene akukumba chitsime kapena kuboola mjigo papuloti pake akumbukire Lusaka. Kolera imene inayamba mu October 2017 inagunda kwambiri makomboni monga Kanyama, kumene zitsime zosaya zinali pafupi ndi zimbudzi zokumba. Muyezo wodziwika ndi mamita 30 pakati pa chitsime ndi chimbudzi kapena dzenje la madzi oipa, ndipo kuyambira 2018 mijigo imayenera kulembetsedwa ku WARMA. Papuloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, mtunda umenewu supezeka popanda kukambirana ndi aneba musanakumbe.

Tibwerere ku chisanu ndi mipata ya udzu ija. Ku Ulaya, kumene nzeru zoyeza zofunditsira nyumba zinachokera, amawerenga kukula kwa makoma, mawindo ndi denga, n'kuchulukitsa ndi kusiyana kwa kutentha kwa mkati ndi kunja, kumene kumafika madigiri 20 kapena kuposa kwa miyezi yambiri. Kuno kusiyanako kumakhala mwina madigiri 10, kwa maola ochepa, kwa milungu yowerengeka. Kuzizira kumene timamva m'nyumba zamakono kumabwera kwambiri ndi malata. Lata limatentha ngati chiwaya masana ndipo usiku limataya kufunda konse nthawi yomweyo. Hita ya 2,000 W yoyaka maola asanu imadya mayunitsi 10 usiku umodzi, ndipo m'nyumba yopanda silingi kufunda kwake kumangokwera kukatuluka padenga. Silingi imagulidwa kamodzi ndipo imathandiza mu July ndi mu October momwe.

Opanda magetsi amalowetsa mbaula. Mbaula inabwera kumudzi kuchokera kutauni pamodzi ndi makala, malasha monga amanenera a ku Lusaka, ndipo inapeza nyumba zitasintha. Makoma ndi a njerwa zopaka simenti, mawindo ndi agalasi, pansi pa chitseko timatsekapo ndi chiguduli, ndipo timabowo ta mpweya ta pamwamba pa mawindo ena amatimata ndi mapepala poopa udzudzu ndi fumbi. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, ndipo munthu amayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tosadzukanso. Makala ofiira osatulutsa utsi ndi oopsa chimodzimodzi. Chisanu chilichonse apolisi m'dziko lino amalengeza za anthu opezeka atafa m'chipinda chotseka, mbaula ili pambali. Moto wa agogo unali m'nyumba yopuma. Mbaula ndi yowothera pakhonde kapena zenera lili lotsegula, ndipo isanafike nthawi yogona ituluke panja.

Chimene chikufala tsopano ndi giza ya dzuwa, ndipo kwa chigwa chino ndi yoyenera, popeza miyezi yozizira ndi yomwenso mitambo imasowa. Chama ili pafupifupi madigiri 11 kumwera kwa equator, choncho mu June ndi July dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo magalasi ayenera kuyang'ana kumeneko. Giza ya malita 150 ikadzaza, pamodzi ndi zitsulo zake, imayandikira makilogalamu 200, ndiye mitengo ya denga iyenera kuonedwa kaye, apo ayi imangiridwe nsanja yakeyake pansi. Imagwira ntchito monga diramu la pa Boma la Lundazi: madzi otentha amakwera okha, ozizira amatsika, palibe pampu. Zotsika mtengo zambiri zimene zikugulitsidwa ku Chipata ndi ku Lusaka ndi za mphamvu yochepa, zogwirizana ndi thanki ya pa mamita anayi. Pamwamba pake pamakhala kapaipi kosatseka, ndipo masana a October kamalavula madzi owira pamalata.